Jekete Lachikasu pa Thabwa la Mayi Shen

Nkhani iyi yakambidwa kale ndi anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo aikamba molakwa. Ku mpingo kwathu kuno ku Glasgow amati ndinachotsedwa pa ukulu wa mpingo chifukwa chothandiza mayi wa ku China kunyoza Amalawi. Si zoona: pa ukulu ndikadalipo, ndipo wokayika abwere pa tsiku la mgonero adzaone amene akugawa mkate. Mwana wanga wamkazi Tadala, pouza anzake a ku Shawlands, amati ndinakalipira akuluakulu onse pamaso pa anthu. Izinso si zoona. Chibadwire sindinakalipirepo munthu, kupatula woyendetsa basi mmodzi, amenenso sanandimve. Ena amati "ndinaprinta" chithunzi. Mawu amenewo ndimawakana. Ndinasindikiza. Ndikulemba tsono mutu uno, ine Efraimu Chimwaza, kuti adzukulu anga amene adzalimbe mtima n'kuphunzira kuwerenga Chichewa adzadziwe mmene zinayendera.

1980, Limbe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku nyumba ina yosindikizira mabuku ku Limbe. Bwana wanga anali a Nyirongo, munthu wamfupi amene ankanunkhiza pepala asanaligule. Masiku amenewo chilichonse chinkasowa. Inki ikauma m'chitini tinkaisungunula ndi parafini, ndipo mapepala olakwika tinkawatembenuza n'kusindikizanso kuseri. Anandiika m'chipinda cha mafilimu, mmene tinkakonzera zithunzi zisanapite pa makina. Chida changa chinali kaburashi ndi utoto wofiirira wotseka kuwala. Pamene ndapaka, pa pepala sipankatuluka kanthu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Tsitsi la mwamuna silinkayenera kufika pa kolala, mkazi sankavala thalauzi, ndipo khadi la chipani linkakhala m'thumba nthawi zonse, ngakhale popita kukagula tomato. Tsiku lina a Nyirongo anandibweretsera chithunzi cha akuluakulu ataima pamzere, choti chilowe m'kalendala. Analoza munthu mmodzi ndi pensulo.

"Chimwaza, munthu uyu palibe."

"Bwana, ndikumuona. Wavala magalasi."

"Ndati palibe. Ukamaliza, usendeze mnzakeyo pang'ono, pasaoneke mpata."

Ndinachita monga ananenera, ndipo ntchitoyo inatuluka yosalala. Zithunzi zotere ndinakonza zingapo m'zaka zimenezo. Sindikulemba izi ngati wolapa pa bwalo la mpingo. Inali ntchito, ndipo tonse tinali ndi pakamwa podyetsa. Ndikuzitchula chifukwa zinandiphunzitsa chinthu chimodzi: chithunzi chimene achotsamo munthu ndimachizindikira ndili patali.

2004, Govanhill ndi Maryhill

Tinabwera kuno chifukwa cha akazi anga, a Nabanda, amene ndi namwino ndipo anapeza ntchito pa chipatala china. Tadala anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinapeza fulati ku Govanhill, pamwamba pa golosale ya bambo wina wa ku Pakistan, ndipo kwa kanthawi ndinkatsuka mabasi. Kenako ndinamva za malo ena pafupi ndi ngalande ku Maryhill, kumene amisiri ojambula amapita kukasindikiza zithunzi zawo ndi makina oyendetsa ndi manja. Ankafuna munthu wosamala makinawo, wosakaniza inki ndi wothandiza posindikiza.

Mkulu wa malowo anali Mayi Morag, mkazi wamtali wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula. Chingerezi ndinaphunzira bwino kusukulu, koma cha Mayi Morag ndinachimva patapita chaka. Makalata anga sanawawerenge. Anandigwira dzanja, nayang'ana m'zikhadabo, nati, "Inki iyi si ya dzulo. Mubwere Lolemba." Kumenekonso zinthu zinkasowa, ngakhale ndi ku Ulaya. Denga linkadontha, ndipo m'nyengo yozizira inki inkalimba ngati phula, kotero kuti ndinkaifunditsa poika chitini pambali pa ketulo. Ndinagwira ntchito imeneyo mokondwa kufikira nditapuma.

2016, nsalu ya mpingo

Mpingo wathu wa Amalawi umapemphera masana a Lamulungu m'tchalitchi chobwereka. Utakwanitsa zaka khumi, tinagwirizana zoitanitsa nsalu kuchokera ku Blantyre, yabuluu yokhala ndi mitanda yoyera, kuti aliyense asoketse chovala. A Nabanda anasokera anthu ambiri pa makina awo kukhitchini. Ine ndinali wowerenga zolengeza, udindo umene ndinkaukonda koposa ukulu weniweniwo, chifukwa ndi pokhapo pamene Chichewa chinkamveka chopanda zigamba sabata ndi sabata.

Tadala anali atakula, akuphunzira za mankhwala ndiponso kugwira ganyu mu kafe ku Shawlands. Anakana nsaluyo. Anati amabwera ku tchalitchi kudzapemphera, osati kudzafanana ndi makatani. Pa tsiku la chikondwerero anabwera atavala thalauzi ndi jekete lake lachikasu, tsitsi atameta kumbali. Anaimba nafe nyimbo zonse, ndipo pojambulitsa chithunzi pa masitepe anaima kumapeto kwa mzere wachiwiri, pafupi ndi mayi ake.

Kalendala ya mpingo itatuluka, Tadala munalibe. A Kamwendo, mlembi wa mpingo, amene ntchito yawo ndi ya makompyuta, anamuchotsa, naika khoma pamalo pake. Ndinazindikira pomwepo, popeza njerwa za pakhomapo zinabwerezedwa kawiri. Tinaipachika kukhitchini, ndipo Tadala atabwera kudzadya nafe anaiyang'ana nthawi yaitali. Iye amayankha m'Chingerezi cha kuno, koma tsiku limenelo anayesa Chichewa kuti ndimve bwino.

"Adadi, munaona?"

"Ndinaona, mwana wanga."

"Ndiye munanena chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti nkhani za mpingo zili ndi njira yake. Anadya mpunga wake, natsuka mbale yake, napita. Kuyambira pamenepo sanabwerenso ku tchalitchi kapena ku chakudya cha Lamulungu. Mayi ake ankalankhula naye pa foni, koma ine ndikatenga foniyo ankati basi yafika.

2017, Mayi Shen

Mayi Shen anabwera ku Maryhill kudzagwira nafe ntchito miyezi ingapo. Anali wochokera kum'mwera kwa China, wa msinkhu wanga, wochepa thupi koma wa mikono yolimba ngati wosinja. Ankasema zithunzi pa matabwa. Zimene anabwera nazo zinali zazikulu ngati chitseko: ana a sukulu pamzere, antchito a m'fakitale pamzere, akwati ndi akwatibwi pamzere, onse ovala mofanana, onse a nkhope imodzimodzi, akumwetulira kumwetulira kumodzimodzi. Ukayang'anitsitsa unkapeza wina batani atamanga molakwika, kapena wina atatseka diso limodzi. Anthu a kuno ankaziona n'kuseka. Ine sindinaseke.

Njira yawo yogwirira ntchito ndiyenera kuifotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ena amasema thabwa lililonse ndi mtundu wake. Mayi Shen ankagwiritsa ntchito thabwa limodzi lokha. Ankayamba ndi mtundu wowala, n'kuusindikiza pa mapepala onse. Kenako ankasema thabwa lomwelo, kuchotsa malo onse amene akufuna kuti mtundu umenewo utsale, n'kusindikiza mtundu wachiwiri pamwamba pa woyambawo. Pamene thabwa lasemedwa, inki yatsopano sifikapo, ndipo mtundu wakale umaonekabe. Pamene silinasemedwe, mtundu watsopano umakwirira wakale. Amapitiriza chotero mpaka thabwa litatheratu. Kubwerera m'mbuyo kulibe, ndipo chithunzicho sichingasindikizidwenso.

Tinazolowerana pa tiyi, makamaka chifukwa tonse awiri tinkavutika kumva Mayi Morag. Iwo akatuluka, Mayi Shen ankandifunsa, "Anati chiyani?" Ine n'kuyankha kuti mwina za denga. Tinkalankhulana m'Chingerezi cha alendo, chimene ndi chosavuta. Ndinawauza za tsitsi ndi kolala. Anaseka mpaka kutsokomola, nati kusukulu kwawo aphunzitsi ankaima pa chipata ndi sizasi. Ndinawauza za kaburashi ka ku Limbe. Anati bambo awo ankalemba mawu a boma pa makoma, ndipo chaka chilichonse ankapaka laimu pa zimene analemba chaka chatha. Pamapeto pake ndinawaonetsa pa foni zithunzi ziwiri, chenicheni cha pa masitepe chija ndi cha m'kalendala ya mpingo.

Anaziyang'ana mosinthanasinthana. "Bambo Chimwaza, ndikufuna kusema ichi. Koma mwini wake ndi mtsikanayu. Mundipatse nambala yake."

Tadala anavomera, koma anaika lamulo limodzi, limene Mayi Shen anandiuza osalikometsa: wosindikiza akhale bambo ake. "Akuti akufuna aone ngati pa pepala lanu adzatsalepo," anatero.

Tinasindikiza chikasu pa mapepala onse n'kuwayanika pa zingwe. Nkhaniyo inafika ku mpingo, chifukwa Mayi Morag analengeza za chionetsero cha zithunzi za Mayi Shen, ndipo mwana wa m'kwaya anaziona pa intaneti. Loweruka masana a Kamwendo anafika ku Maryhill. Ndiwachitire chilungamo: ndi munthu waulemu, amene analandira Amalawi ambiri pa bwalo la ndege n'kuwagoneka pa mipando ya kwawo. Anaona chojambula cha pensulo pa thabwa, naona mapepala achikasu, nandiitanira panja m'mbali mwa ngalande.

"Achimwene, kwa eni kulibe mkuwe. Tili ochepa m'dziko muno. Azungu adzabwera ndi vinyo m'manja kudzaseka amayi athu kuti ndi nkhosa, ndipo mwana wanu ndiye wanzeru yekha. Mukufuna zimenezo?"

"Sindikufuna, a Kamwendo. Koma mwanayo pa masitepe analipo."

"Analipo, inde. Ndinamuchotsa pomuteteza, kuti kalendala ikafika kumudzi anthu asamunene. Sindikuti achotsedwenso. Mungowapempha mayiwa amuveke nsalu ngati anzake, nkhani ithe. Mukakana, akuluakulu adzafunsa ngati munthu wotero angaime kutsogolo n'kumawerenga zolengeza."

Kunyumba ndinayembekeza kuti a Nabanda andithandiza kuganiza, koma ndinapeza kuti nawonso ali ndi mlandu wawo. Anali akusita yunifolomu ya kuchipatala.

"Za Tadala muganize nokha, ndinu bambo ake. Ine funso langa ndi lina. Akuti mayiyo amajambula anthu onse nkhope imodzi. Ndiye kuti ine, Mayi Jere ndi Mayi Mbewe tidzakhala ngati mabanzi a m'chitini chimodzi? Nsalu ija anatikakamiza ndani? Ndinasoka ndekha, msana kuwawa. Sabata yonse ndimavala za abwana, odwala n'kumandifunsa kuti kwathu ndi kuti. Tsiku limodzi lokha ndimavala zakwathu, ndiye wina achoke ku China kudzandiuza kuti ndilibe nkhope?"

Lolemba m'mawa kunali mvula. Buluu ndinali nditasakaniza kale. Ndinawauza Mayi Shen zonse, za a Kamwendo ndi za a Nabanda zomwe. Mayi Shen anapukuta magalasi. Kenako anati kwawo anaonapo chithunzi chikuvutitsa banja: mchimwene wawo anaitanidwa ndi abwana ake kuntchito chifukwa cha chionetsero chawo, ndipo awiriwo sanalankhulane kwa nthawi yaitali. Anandiitana pa thabwa. Malo ena onse oyenera kutsala achikasu anali atasema kale, kupatula jekete.

"Pansi pa aliyense pano pali chikasu," anatero. "Mukalisiya jeketeli, buluu alikwirira, mwana wanu avala ngati mayi ake. Chithunzi chimenechonso n'choona, ndipo ndidzachisayina. Mukalisema, likhala lachikasu mpaka kalekale. Mpingo ndi wanu, mwana ndi wanu." Anandipatsa chosemera, kampeni kokhala ndi mlomo ngati ngalande, napita kukaika ketulo pamoto.

Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu. Ndinaganiza za zolengeza, ndi za amene adzaziwerenge ine ndikachoka. Ndinkamudziwa, ndipo ndinkadziwa Chichewa chake. Ndinaganizanso za a Kamwendo, amene anatinyamula pa galimoto yawo chaka chimene a Nabanda anathyoka mwendo ataterereka pa madzi oundana. Koma mawu amene ankabwerabwera anali a Tadala kukhitchini: ndiye munanena chiyani? Kulankhula pa misonkhano sindidziwa. Ndimadziwa kuwerenga zimene ena alemba. Chimene chinali m'manja mwanga chinali chosemera. Chinandidabwitsa n'chakuti ku Limbe ndinkafufuta munthu pomupaka, pamene apa kuti mwana wanga atsale ndinayenera kumusema n'kumuchotsa pa thabwa.

Ndinasema. Ine si mmisiri wosema, ndipo pa phewa lakumanzere mpeni unaterereka, n'kudya pang'ono mkono wa a Nabanda pa thabwa, n'kuthera m'chala changa chachikulu. Mayi Morag anabwera ndi bandeji akulankhula zambiri, zimene ndikuganiza kuti sizinali za denga. Mayi Shen anayang'ana pamene ndinalakwitsa, nati pakhale choncho. N'chifukwa chake pa zithunzi zonse pali kamzere kachikasu kolowa m'nsalu ya a Nabanda. Masana omwewo tinasindikiza buluu.

Panatsala mtundu wakuda, wa nkhope. Lachinayi a Nabanda anafika okha ku Maryhill, pochokera kuntchito, atanyamula kalendala ija. Anaiyala pa tebulo n'kuyamba kuwauza Mayi Shen za munthu aliyense: uyu ali ndi mpata m'mano, uyu sasekerera chimwalirire mwamuna wake, uyu amapendeketsa mutu chifukwa khutu limodzi silimva. Mayi Shen anatsutsa, nati nkhope imodzi ndiyo chizindikiro chawo, ndipo ogula amawadziwira pamenepo.

"Ogulawo akagule za kwanu," anatero a Nabanda. "Awa ndi anthu anga."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mawa lake Mayi Shen anafufuta pensulo ya nkhope zonse, nayamba kujambula imodziimodzi. Anadandaula sabata yonse kuti Amalawi awawonjezera ntchito.

Pa chionetsero amayi a mpingo anabwera ambiri, ena atavala nsalu ija mwadala. Anaunjikana pa chithunzicho akulozerana. Mayi Jere anadandaula kuti awanenepetsa. A Kamwendo sanabwere, ndipo Lamulungu lotsatira anandiuza mwaulemu kuti akuluakulu aganiza zopatsa achinyamata mwayi wowerenga zolengeza. Tadala anafika mochedwa, atavala jekete lomwelo. Anayang'ana chithunzicho, kenako anayang'ana bandeji yanga.

"Adadi, akuti munasema ndinu."

"Ndinasema ndine."

"Phewa mwalakwitsa."

"Ndikudziwa."

Anandigwira mkono, nandifunsa ngati Lamulungu kudzakhala mpunga.

2023 ndi pambuyo pake

Ndinapuma ntchito mawondo atayamba kukana masitepe a ku Maryhill. Mayi Shen anabwerera kwawo. Amanditumizira zithunzi za ntchito yawo pa foni, ndipo ndaona kuti masiku ano nkhope zina zimasiyana, ngakhale iwo amakana kuti a Nabanda ndiwo anachititsa. Chithunzi chathu chimodzi chili kukhitchini, pamene panali kalendala. Tadala amabwera kudzadya Lamulungu lililonse, ndipo ku tchalitchi amabwera akafuna. Nsalu ya mpingo sanasoketsebe.

Jekete lija linakalamba, nsalu yam'kati n'kung'ambika. Tsiku lina analiiwala kwathu, ndipo a Nabanda analisoka osafunsa mwini wake. Tadala atalivala n'kupisa manja m'matumba anaima chilili.

"Amami, mwaikamo chiyani umu?"

"Nsalu. Unkafuna ndiikemo nyuzipepala?"

Anadandaula m'Chingerezi chake mpaka pa khomo, koma amalivalabe. Kunja ndi lachikasu. Akalivula m'basi, mitanda yoyera imaoneka.

Popeza ena amakokomeza zimene nkhaniyi inandidyera ndipo ena amazichepetsa, ndizilemba pano monga zinalili:

Udindo wowerenga zolengeza, umene sunabwerere. Tsopano ndimakhala pa benchi yachitatu n'kumamva kuti "tikhala ndi mitingi afta sevisi."

Moni wa a Kamwendo, kwa nyengo imodzi yozizira. Unabwerera pa maliro a Bambo Mbewe, titanyamula bokosi mbali imodzi.

Chala chachikulu chakumanzere, chimene chili ndi chipsera ndipo chimawawa kukazizira.

Malaya oyera amodzi, othimbirira ndi buluu ndi magazi.

Thabwa limodzi, lotheratu.

Nsalu yotsala ya a Nabanda, imene ankaisunga kuti adzasokere duku.